Galimoto yakuda yongopentedwanso: tiike ceramic coating tsopano kapena tidikire?

Wopolisha magalimoto ku Lilongwe:

Akuluakulu a m'gulu lino, ndabwera ndi nkhani yomwe ndikufuna tiunikire limodzi ndisanapereke yankho kwa kasitomala. Bwana wina wandibweretsera Toyota Prado yakuda yomwe inagundidwa kutsogolo, ndipo boneti ndi chitseko chakumanja zinapentedwanso pa galaja ina masabata atatu apitawa. Iwo akufuna ndiike ceramic coating, mankhwala aja amauma molimba pamwamba pa penti kuti amuteteze, pa galimoto yonse sabata ino, chifukwa anamva kuti ikangomatidwa siichokanso, penti sakalika, ndipo wax sadzafunikanso mpaka galimotoyo idzagulitsidwe. Ndalama si vuto kwa iwo. Chomwe chikundikayikitsa n'chakuti galimotoyi imagona panja pansi pa mtengo wa mango, imayenda msewu wafumbi wopita kumunda kwawo cha ku Mitundu, ndipo imatsukidwa pakhomo ndi mnyamata wantchito pogwiritsa ntchito madzi a pamjigo. Kodi pa penti wa masabata atatu ndingaikepo coating? Nanga pa galimoto yosamalidwa motere, coating ili ndi phindu kuposa sealant wabwino kapena wax, zopaka zina zoteteza penti zomwe sizikhalitsa? Ndipo bwanawa ndiwalonjeze chiyani chomwe sindidzachita nacho manyazi chaka chamawa?

Wopenta magalimoto ku Ndirande, Blantyre:

Achimwene, ndiyankhe funso loyambalo popeza ndilo lagwa m'ntchito yanga. Pa boneti ndi chitsekocho musaikepo chilichonse chotseka penti pakadali pano, kaya coating, kaya sealant, kaya wax. Penti wa kufakitale amawotchedwa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 140 galimoto isanaikidwe mipando, mawaya ndi mapulasitiki, kotero amatuluka atakhwimiratu. Ife opentanso sitingafike pamenepo chifukwa tingasungunule zam'kati. Amene ali ndi chipinda chopenteramo chotenthetsa amalekezera pa madigiri 60, ndipo magalaja ambiri kuno kwathu amangosiya galimoto kuti iume ndi mphepo ndi dzuwa. Penti wa 2K, uja timasakaniza ndi hardener, amaoneka wouma tsiku lotsatira, koma thinner yemwe ali m'kati mwake amapitiriza kutuluka pang'onopang'ono kwa masabata angapo. N'chifukwa chake opanga penti ambiri amalangiza kudikira masiku 30 mpaka 90 musanamate kanthu pamwamba. Mukatseka msanga zimakhala ngati kupaka penti pakhoma lomwe pulasitala wake sanaume: kuwala kumayamba kuzilala, pansi pa coating pamabwera kachifunga, ndipo nthawi zina coating yomweyo siigwira bwino. Komanso mwini galimoto akadzapita kukadandaula kwa amene anapenta, iyeyo adzanena kuti mwawononga ndinu, ndipo simudzakhala ndi poyankhira. Pemphani nambala ya wopentayo mumufunse kuti anagwiritsa ntchito penti wanji ndiponso ngati anawotcha kapena anangoumitsa panja.

Woika coating ku Johannesburg:

Ndikugwirizana ndi abambo a ku Ndirande pa zodikirazo. Ine ndikambeko za mawu akuti siichokanso, chifukwa ndiwo amatikanganitsa ndi makasitomala ngakhale kuno ku Joni komwe ntchitoyi ndi yambiri. Ceramic coating ndi mankhwala amadzimadzi okhala ndi silika, omwe akapakidwa amagwirana ndi chinyezi cha mumpweya n'kuuma molimba pamwamba pa clear coat, penti wopanda mtundu uja amapakidwa pomaliza kuti galimoto iwale. Kukhuthala kwake sikupitirira micron imodzi kapena ziwiri (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), pomwe clear coat ya kufakitale imakhala ma micron 35 mpaka 50, ndipo penti yense kuyambira pachitsulo amakhala ma micron 100 mpaka 150 pa magalimoto ambiri. Kanthu kopyapyala chotero sikangaletse kamwala kothamangitsidwa ndi tayala la lole kugobola penti, ndipo sikangaletse kiyi kapena nthambi kukala chitseko.

Chizindikiro cha 9H chomwe chimalembedwa pa mabotolo chimasokoneza anthu ambiri. Chimachokera pa kuyesa ndi mapensulo olimba mosiyanasiyana, ndipo chimangotanthauza kuti pensulo ya 9H sinakale pamwamba pake. Si muyeso wa Mohs womwe amayezera kulimba kwa miyala, uja dayamondi ali pa 10. Phindu lenileni la coating lili pena. Siichoka ndi sopo, siifewa ndi dzuwa, imapirira mankhwala otsukira, ndipo matope ndi fumbi sizikakamira kwambiri, kotero kutsuka kumaphweka. Imatha pang'onopang'ono ndi kukhulika kwa kutsuka komweko, ndipo yabwino yosamalidwa bwino imakhala zaka ziwiri mpaka zisanu. Kuichotsa isanathe kumafuna makina opolishira, ndipo apo ndi pomwe panachokera mbiri yakuti ndi yamuyaya. Ngati nkhawa ya bwanawo ndi miyala ya mumsewu wa ku Mitundu, chowathandiza ndi PPF, pulasitiki yoonekera ya polyurethane yokhuthala ma micron 150 mpaka 200 yomwe imamatidwa pa boneti ndi bampala, koma nayonso iyenera kudikira kuti penti watsopanoyo akhwime.

Mkulu wopolisha ku Zomba:

Anzanga, ine ndinayamba ntchitoyi coating kulibe, ndipo sindikondwa wax akamanyozedwa ngati chinthu chopanda ntchito. Wax wa carnauba amachokera ku masamba a mtengo wina wa kanjedza wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, m'madera a Piauí ndi Ceará, ndipo pa galimoto yakuda amapereka kuwala kozama komwe maso anga sanakuonebe pa coating. Amabisanso timizere ting'onoting'ono ta m'penti. Zoti sakhalitsa ndikuvomereza. Carnauba payekha amasungunuka pa madigiri opitirira pang'ono 80, koma ndi wolimba kwambiri moti amasakanizidwa ndi mafuta ndi wax wina wofewa kuti apakike, ndipo boneti yakuda yoima padzuwa la mu Okutobala imatentha kufika madigiri 70. Kuno kwathu wax akakwanitsa miyezi iwiri wachita bwino. Komabe taganizani kuti wax akalakwika mumamuchotsa n'kupakanso masana amodzi, ndipo popeza kasitomala amabwera kawirikawiri, mumaona penti wake vuto lisanakule. Sealant wa polymer ali pakatikati, chifukwa amakhala miyezi 4 mpaka 6, savuta kupaka, ndipo mtengo wake munthu amautha. Pa galimoto yotsukidwa ndi mnyamata pakhomo ine ndikanasankha sealant, popeza ndalama zonse za coating zidzathera pa chiguduli chomwe akupukutiracho.

Wogulitsa zipangizo zotsukira magalimoto ku Limbe:

Abambo a ku Zomba akhudza pomwe pali vuto lenileni, ndipo ine ndiwonjezere za madziwo. Madzi a m'mijigo yambiri amakhala ndi mchere wa calcium ndi magnesium. Pa coating madzi amasanduka timadontho tozungulira, zomwe anthu amakondwa nazo akaziona, koma timadontho timeneti tikaumira padzuwa, kalikonse kamasiya kamphete koyera ka mchere. Pa galimoto yakuda yotentha timphete timeneti timakakamira, ndipo tikakhalitsa sitichokanso ndi sopo. Pamafunika mankhwala a asidi wofooka ochotsera madontho a madzi, ndipo zikakanika pamafunika kupolisha, komwe kumachotsanso coating yomwe munthu analipira ndalama zambiri. Ndaonapo magalimoto a coating akuoneka oipa kuposa opanda kanthu pa chifukwa chokhachi. Zitosi za mbalame ndi za mileme komanso utomoni wa mango, coating imangokupatsani mpata woti muzichotse zisanafike pa penti, koma zikagona masiku padzuwa zimadya ndithu.

Afunseninso bwanawo sopo yemwe mnyamatayo amatsukira. M'makomo ambiri ndi sopo waufa wochapira zovala, yemwe amachotsa wax pakangopita kutsuka kochepa, ndipo tinjere take tosasungunuka timakala penti. Coating imapirira sopoyo koma siipirira nsalu yomwe yagwa pamchenga n'kutoledwa. Chilichonse chomwe mungasankhe, achimwene, muike m'mtengo wa ntchitoyo ndowa ziwiri, shampu wa galimoto ndi nsalu za microfibre, ndipo mnyamatayo abwere mumuonetse kutsuka pamthunzi, kuyambira padenga kutsika pansi, ndi kupukuta madzi asanaume okha.

Wopolisha magalimoto ku Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse. Ndalankhula ndi amene anapenta, ndipo akuti ndi penti wa 2K woumitsidwa panja, sanawotche. Ndayezanso ndi kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti. Padenga ndi pa zitseko zakumbuyo kakuonetsa ma micron pakati pa 110 ndi 130, pa boneti kakupitirira 250, ndipo pamalo ena pa chitseko chopentedwacho kakupitirira 600. Ndikaunika ndi tochi, penti wakaleyo wadzaza timizere tozungulira ta kutsuka. Mayi a ku Limbe mwalasa, sopo wake ndi waufa. Bwanawo amvetsa za penti watsopano, koma akufunsa ngati sindingaike coating pa mbali zakale zokha panopa, kenako boneti ndi chitseko ndidzamalize pambuyo pake. Kodi njira imeneyi ili bwino?

Wopenta magalimoto ku Ndirande, Blantyre:

Pomwe pakupitirira 600 pali body filler, phala lija amamata podzaza pomwe chitsulo chinapindika, achimwene, ndipo chimenecho ndi chifukwa chinanso chodikirira. Ntchito ya filler ndi primer, penti woyambirira uja, ikachitidwa mothamanga, zimakhwinyata pang'ono penti akamakhwima, ndipo pakapita mwezi umodzi kapena iwiri m'mphepete mwa pomwe anamata mumaonekera ngati mzere. Zimenezi zikadzaoneka, chitsekocho chiyenera kubwerera kwa wopenta chili chopanda coating. Chachiwiri, musaganize kuti penti watsopano ali pa boneti ndi chitseko pokha. Wopenta wodziwa ntchito amamwaza mtundu pang'ono pa mafenda ndi chitseko choyandikana kuti kusiyana kusaoneke, kenako amapaka clear coat pa mbali yonseyo. Yezani mafenda onse awiri, ndipo mukapeza kuti akuposa denga, dziwani kuti nawonso ndi atsopano. Popeza sanawotche, ine ndikanawerengera masiku 90 kuchokera tsiku lopenta. Ngati mukufuna kuti mbali zimenezi ziwale pakadali pano, pakani glaze, mankhwala ongowalitsa penti, yolembedwa kuti ndi yoyenera penti watsopano, yopanda wax ndi silicone. Silicone mumupewe kwambiri, chifukwa chitsekocho chikadzafunika kupentedwanso, iyeyo ndi amene amachititsa timaenje tija timati fisheye.

Woika coating ku Johannesburg:

Kugawa ntchito kawiri n'kotheka, koma sindikulangiza. Mudzakonzekera galimoto kawiri, mbali zina zidzayamba kutha msanga kuposa zinzake, ndipo mafenda akapezeka kuti ndi atsopano ndiye kuti kutsogolo konse, komwe kumalandira fumbi ndi tizilombo, kukhala kopanda coating. Miyezi yodikirayi ikuthandizaninso kuona ngati katsukidwe kasintha. Galimoto ikadzabwera yopanda timphete ta mchere ndi timizere tatsopano, coating ndi yoyenera. Ikadzabwera monga kale, malangizo a abambo a ku Zomba ndiwo olondola.

Tsiku lake likadzafika, dziwani kuti ntchito yaikulu ili pa kukonzekera. Coating siibisa timizere monga wax amachitira, imatitsekera pansi kwa zaka. Mutsuke, muchotse tizitsulo tomatirira ndi iron remover, mudutsepo ndi clay (dongo lapadera lochotsa zomatirira pa penti), mupolishe, kenako mupukute ndi isopropyl alcohol wosakaniza ndi madzi kapena panel wipe kuti mafuta a polishi achoke, apo ayi coating imata pa mafuta m'malo mwa penti. Pa mbali zoonetsa 110 musalimbane ndi mzere uliwonse wozama, chifukwa clear coat yomwe mwachotsa siibweranso. Pakani m'nyumba yotsekeka, m'mawa kusanatenthe, kachigawo ka masentimita 50 mbali zonse nthawi imodzi. Kukatentha kapena kukakhala chinyezi chambiri mankhwalawa amagwira msanga, ndipo masiku 90 anuwo akathera m'nyengo ya mvula muyambe mwayesa pa kachigawo kamodzi kuti mudziwe nthawi yopukutira. Pomwe simunapukute bwino pamatsala banga lodera, lija timati high spot, ndipo nthawi zina silioneka mpaka mutaunika ndi tochi kuchokera m'mbali. Mukalipeza msanga, mumapakapo mankhwala omwewo pang'ono n'kupukuta, koma likauma limafuna polishi. Galimoto isakhudze madzi kwa maola 24 ndipo isatsukidwe ndi sopo kwa masiku 7, pokhapokha pepala la wopanga litanena zina.

Mkulu wopolisha ku Zomba:

Mfundo yoyesa kaye katsukidwe ndaikonda. Ndingowonjezera kuti sealant yemwe mupake pa mbali zakale tsopano adzachoka yense ndi polishi ndi panel wipe, kotero sadzasokoneza coating. Musapolishe mozama panopa kenako n'kudzapolishanso, penti wa 110 sangapirire zimenezo kawirikawiri.

Wopolisha magalimoto ku Lilongwe:

Ndayeza mafenda ndipo lakumanja likuonetsa pafupifupi 190, ndiye kuti nalonso linapakidwa clear coat monga ananenera abambo a ku Ndirande. Ndakambirana ndi bwanawo ndipo tagwirizana motere. Sabata ino nditsuka galimoto yonse, ndidutsa ndi clay pa mbali zakale zokha n'kupakapo sealant, pomwe boneti, chitseko ndi fenda ndipakapo glaze yopanda silicone. Mnyamata wawo abwera Loweruka kudzaphunzira katsukidwe, ndipo avomera kumanga kashedi ka malata kuti galimoto ichoke pansi pa mango. Masiku 90 akakwana tidzaunika chitsekocho, ndipo ngati chili bwino tidzaika PPF pa boneti ndi bampala, coating kwina konse. Pa pepala la mtengo ndalemba kuti coating idzaphweketsa kutsuka ndi kuteteza penti ku sopo, dzuwa ndi zitosi zochotsedwa msanga kwa zaka ziwiri ngati malangizo a katsukidwe atsatidwa, komanso kuti siiteteza ku miyala, kukalika ndi madontho a madzi a pamjigo. Mayi a ku Limbe, munditumizire mitengo ya shampu, nsalu za microfibre ndi mankhwala ochotsera madontho a madzi kuti ndiiphatikize.