Ntchito ziwiri ndi sukulu zandifikira mwezi umodzi: ndichite bwanji?

Nachisale, Lilongwe:

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru chifukwa masabata awiri tsopano sindikugona bwino. Ndili ndi zaka 33, ndinaphunzira za ulimi ku Bunda, ndipo kwa zaka 7 ndakhala ndikugwira ntchito pa kampani ina yogula mbewu kwa alimi muno mu Lilongwe. Kumayambiriro kwa Juni abwana anga anandiuza kuti akufuna ndikhale woyang'anira alangizi onse a kampani m'chigawo chapakati, udindo umene ndaudikira kwa nthawi yaitali. Patangopita masiku 4, bungwe lina lomwe si la boma, limene ndinafunsirako ntchito chaka chatha, linandiimbira foni kuti landisankha kukayendetsa ntchito ya ulimi wothirira ku Chikwawa kwa zaka 2, pa malipiro oposa amene ndikulandira pano pafupifupi kawiri. Sabata lomwelo ndinalandira uthenga wa Chevening, thumba la boma la Britain lolipirira maphunziro, wakuti ndapatsidwa mwayi wokachita masters (digiri yachiwiri) ku yunivesite ya Reading, ku Britain, kuyambira Sepitembala.

Onse akufuna yankho msanga: abwana akufuna ndisaine mwezi uno usanathe, ndipo a bungwe andipatsa masiku 10. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 4, bambo ake amagwira ntchito ku Mzuzu, ndipo mayi anga ku Dedza amadalira ine pa mankhwala awo. Abale akungondikumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma palibe akundiuza phanga loti ndilowe. Inu amene munakumanapo ndi zotere, munachita bwanji kuti musankhe mutu uli m'malo?

Bambo Mbewe, Blantyre:

Mayi Nachisale, ndinagwira ntchito yolemba anthu ntchito kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo choyamba chimene ndingakuuzeni n'chakuti masiku 10 amenewo si lamulo. Bungwe limene lataya miyezi kusankha munthu silimusiya chifukwa wapempha sabata imodzi yowonjezera, malinga apemphe mwaulemu, polemba kalata, ndipo atchule tsiku lenileni limene adzayankhe. Ambiri amaopa kupempha nthawi poganiza kuti aoneka onyada, nkumasaina zinthu asanaziwerenge.

Musatule pansi udindo wanu chifukwa cha mawu a pafoni. Uzani a bungwe akutumizireni kalata ndi mgwirizano wonse, ndipo muwafunse mosabisa kuti ndalama za ntchito ya ku Chikwawayo zikuchokera kwa ndani, komanso ngati zaka zonse ziwiri zili ndi ndalama zake kale kapena chaka chachiwiri chikudikirabe kuvomerezedwa. Ndikunena izi chifukwa cha zimene tinaona mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja: anthu amene anali ndi mapepala osainidwa bwinobwino m'mabungwe odalira USAID anauzidwa kukhala kunyumba m'masiku ochepa chabe. Malipiro owirikiza kawiri ndi abwino pa miyezi imene akubweradi.

Kumbukiraninso kuti lamulo la ntchito la 2000 limafuna kuti munthu wolipidwa pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, kapena alipire ndalama m'malo mwake, ndipo mgwirizano wanu ungathe kutchula nthawi yotalikirapo. Kulandira udindo watsopano mu Juni nkuusiya mu Ogasiti kungakuipitsireni dzina kwa abwana amene mudzawafune mawa kuti akuchitireni umboni.

Nangondo, Zomba:

Achemwali, ine ndinapita ndi Chevening ndipo ndinasiya mwana wa zaka 3, choncho ndikudziwa chimene chikukudzutsani usiku. Ndikuona kuti mukuyeza zinthu zitatuzi ngati zofanana, pamene sizifanana pa chinthu chimodzi chachikulu, chomwe ndi kubwereranso kwake. Chevening salola kusunga malo kuti mudzapite chaka china. Mukakana, mudzayambiranso pachiyambi: kulemba nkhani zofunsira mwayiwo, kupeza okuchitirani umboni, kudikira miyezi yambiri, kukaonekera pamaso pa ofunsa mafunso, popanda chitsimikizo chakuti adzakusankhaninso. Koma udindo wa pa kampani ndi ntchito za mabungwe zimabwerabe kwa munthu wodziwa ntchito yake, makamaka m'ulimi, umene dziko lathu silingausiye.

Sindikubisirani kuwawa kwake. Ndalama zimene amapereka ndi za wophunzira yekha, za banja palibe, ndipo ine ndinkadzimana kuti ndizitumiza pang'ono kunyumba. M'nyengo yozizira dzuwa linkalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo popeza nthawi ya kuno imakhala patsogolo ndi maola 2, ndinkathamanga kuchokera m'kalasi kuti ndimupeze mwana pa WhatsApp asanagone. Tsiku lina anakana kuyankhula nane, ndipo ndinalira usiku wonse. Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti ndinali nditakonza zonse ndisananyamuke: mwana anakhala ndi akulu anga amene anawazolowera kale, osati wantchito watsopano, ndipo amuna anga tinagwirizana masiku okamuona. Maphunzirowo ndi a chaka chimodzi, ndipo mumasaina kuti mudzabwerera kwanu kwa zaka zosachepera 2, choncho abwana anu mungathe kuwauza zoona kuti mukubweranso. Apempheni tchuthi chosalipidwa musanaganize zosiya ntchito.

Achimwene Gondwe, Mzuzu:

Ndikulemekeza zimene anena mayi Nangondo, koma ndikusiyana nawo pang'ono. Tonse tikudziwa anthu amene anabwera ndi masters kuchokera kunja nkukhala miyezi yambiri akufunafuna ntchito, pamene anzawo amene anatsala anakwezedwa. Kuyang'anira alangizi a chigawo chonse ndi sukulu payokha, ndipo olemba ntchito ambiri amafunsa kuti mwatsogolerapo anthu angati asanafunse za pepala. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala akwera kwambiri, ndipo chaka chopanda malipiro si nkhani yaing'ono kwa munthu amene mayi ake amamudalira. Khalani pansi ndi cholembera, muwerengetsere ndalama za mankhwala, lendi ndi sukulu ya mwana kwa miyezi 12, muone ngati zingakwanire popanda malipiro anu.

Chinanso, m'kalata yanu bambo a mwana mwangowatchula kuti ali ku Mzuzu, koma simunatiuze maganizo awo. Nkhani iyi musaimalize pafoni kapena ndi ife a pa intaneti musanakhale nawo maso ndi maso. Ndipo kusagona kwa masabata awiri musakupeputse. Pitani mukayezetse kuthamanga kwa magazi, chifukwa munthu wotopa amasankha chilichonse chimene chingamupumitse msanga.

Nachisale, Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse. Ndinatsatira malangizo a bambo Mbewe ndipo ndinalembera a bungwe dzulo. Andiwonjezera masiku 7 mosavuta, ndipo andiuza moona mtima kuti ndalama zimene zilipo ndi za chaka choyamba chokha, choncho ntchito ya ku Chikwawa ndikuiika pambali. Achimwene Gondwe, munanena zoona: amuna anga ndinangowauza mwachidule poopa kuwadetsa nkhawa. Akubwera Loweruka, ndipo akulu anga a ku Area 25 avomera kudzakhala nafe pokambirana za mwana. Lachinayi ndikukaonana ndi abwana kukapempha tchuthi chosalipidwa cha chaka chimodzi. Mayi Nangondo, ngati munalembera abwana anu kalata yotere nthawi imeneyo ndipo mukadali nayo, chonde ndiuzeni mfundo zimene munaikamo kuti ndikonzekere lisanafike Lachinayi.