Kodi tsokonombwe amadumpha magiredi?

Wofunsa, ku Chibavi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Loweruka tinali pa phwando ku Luwinga, mng'ono wa mnzanga wakwezedwa pa ntchito. Mnyamatayu wachoka ku yunivesite ya Mzuni dzana lomweli, zaka zitatu sizinakwane, lero ndi bwana wa anthu amene anamulandira tsiku loyamba. Amalume ake poyankhula anati, "Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha," anthu m'manja phuphuphu. Ine ndinakulira kuno, kunyumba timayankhula Chitumbuka, miyambi ya Chichewa ndinaisiya ku Fomu 4. Kodi mwambiwu umanenadi za munthu wokwera msanga pa ntchito?

Mphunzitsi wopuma, ku Katoto:
Ayi mwana wanga, amalumewo anaugwira kumchira. Vuto ndi loti ana a m'tauni simumudziwa tsokonombwe. Ndi chiwala chonenepa, chamaonekedwe ngati dothi, ndipo sichiuluka ngati dzombe. Chimati jowu, n'kukhala, ngati chaiwala kumene chikupita, kenako jowu. Ukachiona sungaganize kuti chiwoloka munda. Koma madzulo uchipeza kutsidya. Kudumpha kwa mumwambimu ndi kwa munthu wopanda mapiko, wopita pang'onopang'ono. Ife aphunzitsi a pulayimale timayambira pa giredi yotsika ya PT4, n'kudikira intavyu zaka ndi zaka kuti tifike PT3, ena mpaka imvi PT1 osaiona. Atsokonombwe ndife, osati mnyamata wanuyo.

Mayi wa ku Zolozolo:
Aphunzitsi anena zoona. Pamenepo woyenera unali uja woti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Tayendani mu udzu m'mawa mwezi wa June kuno ku Mzuzu, muona mmene miyendo imanyowera. Amene ali pa njovu mapazi ake ngouma, ndiye amaganiza kuti tonse tauma. Koma mwambi umenewu pa phwando suyankhulika, mwini keke akhoza kukwiya.

Wina, ku Mchengautuwa:
Musawaweruze msanga amalumewo, bambo. Akuluakulu amatha kukutsina akuseka. Mwina ankauza mphwawoyo kuti amene wawadutsa aja akubwera m'mbuyomo, jowu jowu, tsiku lina adzakumana. Anthu anangowomba m'manja osamva.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Zoti ankatsina ndakayika, chifukwa anali atalawako kale ndipo anaubwereza katatu, kachitatu atakwera pampando. Koma aphunzitsi, "mtunda" apa ndi chitunda chokwera ngati cha ku Chiweta, kapena kutalika kwa ulendo? Ine ndimaganiza zokwera, n'chifukwa chake ndinaombera nawo.

Mphunzitsi wopuma:
Kutalika kwa ulendo, monga timanenera kuti kuchoka kuno kukafika ku Ekwendeni pali kamtunda. Tsokonombwe ku Chiweta angakatani, malole enieni akulephera?