VFR800 kapena Bandit 1250? Komanso klatchi yolimba ikundipha dzanja

wa_kuChamama:
Akuluakulu muli bwa, ndigaireniko nzeru. Ndimakhala pa Kasungu boma, sabata iliyonse Lilongwe kamodzi, mwezi ukatha ndimakwera ku Mzuzu kukaona ana. Ka Yamaha FZ6 kanga kanditumikira ndithu koma ndi kopanda galasi kutsogolo, pa Chikangawa mphepo imandimenya ngati ndinaba, ndipo madam akakwera kumbuyo pofika pa Jenda amakhala atayamba kale nyimbo ya msana. Ndapeza njinga ziwiri, Honda VFR800 ya 2004 ili ku Lilongwe konkuno kwathu ndi Suzuki Bandit 1250S ya 2008 yomwe alamu akuti atha kunditumizira kuchokera ku Joni. Vuto ndi dzanja lamanzereli, ndinagwa pamchenga chaka chatha fupa n'kuchita mng'alu, linapola koma mphamvu sizinabwerere zonse. VFR ndinakaiyesa Loweruka, injini kukoma kwake osanena, koma klatchi eee, kungozungulira Kanengo pang'ono zala zinali zitachita dzanzi. Ndi mmene zimakhalira zonse kapena imeneyi ikudwala? Nanga Bandit ndi yofewa?

makaniko_paKamwendo:
Achimwene musathawe njinga chifukwa cha klatchi musanaitsegule. Ziwiri zonsezo zilibe kebulo ngati FZ6 yanu, klatchi yake imayendera mafuta ngati a mabuleki, DOT 4. Pitani mukaone kumanzere kwa injini pamene pali sproketi yaing'ono ya tcheni, pachivindikiro pamenepo pali kasilinda kakang'ono, kumbuyo kwake kuli kachitsulo katali ngati msomali kamene kamakankha klatchi. Ndiye ganizani, tcheni ikumwaza girizi, fumbi lathu lino likumatirira, zaka 20, kachitsulo kaja kamakhala mu phala lakuda bii ndipo inu mukamakoka mukulimbana ndi phala limenelo. Chotsani, pukutani ndi parafini, muone ngati sikanapindike kapena kudyeka, pakani girizi pang'ono. Bauti ya pa liva nayonso imauma, anthu amaiwala.

Mafuta aja tsegulani muone, akakhala ngati tiyi wopanda mkaka sinthani, amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ngakhale kunena zoona mafuta akale amapangitsa liva kukhala wedewede kuposa kulimba. Zikakanika zonsezi ndiye kuti mwini wake woyamba anaikamo masipulingi olimba a anthu othamanga, bwezerani a Honda enieni. Kulinso kasilinda kokulirapo kamene amagulitsa kunja, kamafewetsa ndithu koma dziwani kuti mbale za klatchi zimatseguka pang'ono kuposa kale, nyutrali nthawi zina imavuta kuipeza. Chimene ndikukanizani ndi ichi, wina asakunamizeni kuti tichotseko sipulingi imodzi kapena tiike za Lifo, ndinalandirapo njinga yotero, klatchi inali itapsa fungo ngati nsima yopserera. Ndipo oyilo wa galimoto ayi, funani wolembedwa JASO MA poti mbale zake zimasambira mu oyilo wa injini momwemo.

Kabudula77:
Ine ndiye ndikusokonezani pang'ono madala. Njinga zimenezi anapangira phula losalala la kwawo, matayala a mainchi 17, pansi pafupi, VFR mapulasitiki thupi lonse. Kulemera chilichonse pafupifupi makilo 250. Munthu amene mukuti dzanja silili bwino mukailowetsa ya ku Chamama mvula itagwa mudzaidzutsa ndi ndani? Pulasitiki imodzi ikasweka mudikira miyezi. Bwanji osafuna V-Strom 650, tayala lakutsogolo 19, maenje imangodutsa, madam akhala ngati ali pa sofa. Kapena Honda NC750X ya DCT, ilibe ndi liva yomwe ya klatchi, imasintha magiya yokha, nkhani ya dzanja yathera pomwepo.

wa_kuChamama:
Kumudzi ndimapita pa ka FZ6 kapena kabaza akulu, yaikuluyi ndi ya M1 basi. DCT ndaimva koma ikadwala ndani angaitsegule kuno?

Gogo_Vfour:
Mphwanga, ndayendapo zonse ziwiri ndiye ndikuuze zimene dzanja lako lidzaone, osati zimene maso akuona. VFR ya 2002 mpaka 2005 ndi ija ya VTEC, pansi imayendera mavavu awiri pa silinda, injini ikafika chapafupi 7,000 kuzungulira pa mphindi onse anayi amatseguka n'kukukankha, kukoma kwake n'komweko koma ndiye kuti umakhalira kusintha magiya, phiri pang'ono watsitsa, thiraki ya fodya kutsogolo watsitsa awiri. Bandit mphamvu zake zonse zokokera zimabwera usanafike ndi 4,000 yomwe. Ukaika giya 6 pa Chinkhoma utha kukafika pa Mponela osagwira klatchi kupatula pa mahampu ndi pa rodibuloko. Klatchi yake siyofewa ayi, osakunamiza, koma ukuigwira kangati? Komanso pa VFR umawerama, thupi limatsamira pa mikono, pa Bandit umakhala chilili ngati uli pa mpando wa kutchalitchi. Kwa munthu wothyoka mkono chimenecho n'chachikulu kuposa liva.

VFR ikuwina pa thanki, malita 22 pamene Bandit 19, ndipo masiku amene petulo akusowa malita atatu amenewo umawakumbuka uli pakati pa mapaini. Mphepo imatchinganso bwino. Koma funsa mwini wake ngati mavavu anayezedwapo, pa VTEC ndi ntchito ya tsiku lonse yofuna munthu woidziwa, ndiponso uone mawaya a regyuleta, kachipangizo kowongolera magetsi opita ku batire, ngati sanapse, ndi matenda a m'banja mwawo. Ya ku Joniyo usaiwale a MRA, werengeratu msonkho usanasangalale ndi mtengo umene alamu akutchula, ndipo sunaikwere, ukugula ndi maso a mlamu.

Naphiri_wa_Boxer:
Ine yanga ndi ka Boxer chabe koma dzanja ndi dzanja. Pa rodibuloko ikani nyutrali musamangofinya podikira apolisi. Ndipo gwirani liva kumapeto kwake osati pafupi ndi bauti, ine ndinasunthira chogwiriracho mkati pang'ono pa handulo zala zikufikira kunsonga, zinasintha kwambiri.

wa_kuChamama:
Zikomo nonse. Dzulo ndinabwererako ndi mnyamata wanga wa pagalaja, mwini njinga anavuta kaye koma analola titsegule ali pompo. Aise wa pa Kamwendo munalosera, zimene tinakolopa kuseri kwa chivindikiro chija zikanadzaza kapu, mpaka nthenga ya nkhuku inalimo. Tapukuta, tasintha mafuta, yafewa moti mwini wakeyo wayamba kukweza mtengo kkkk. Komabe nditayenda mpaka pa Lumbadzi n'kubwerera chimene chinawawa si zala koma pamfundo penipeni pa dzanja chifukwa chowerama, monga ananenera agogo. Ndafika kunyumba ndatsegulanso kebulo ya FZ6, mawaya atatu oduka pafupi ndi liva, ine n'kumanamizira fupa chaka chonse. Alipo ali ndi Bandit kuno ku Kasungu kapena Mchinji andibwereke ka mphindi 30 Lamlungu? Petulo ndithira ndekha.