Munda wa misomali ukundibisira makobidi: ndisinthe makina kapena koyilo?

Wa ku Norfolk:
Akuluakulu, safunsa adadya phula. Mlimi wina kuno ku England wandilola kufufuza makobidi akale m'munda wake atakolola tirigu. Pakona ya kufupi ndi tchalitchi chakale zikuoneka kuti panali nyumba kalekale, chifukwa pulawo imafukula mapale ndi zibenthu za matayilosi. Vuto ndi misomali. Ndikadina batani lomvera zitsulo zonse pa detekita yanga ya Equinox 800 (makina ofufuzira zitsulo zokwiririka pansi), m'mahedifoni mumangomveka ngati pachigayo, palibe popumira. Loweruka ndinapita ndi mnzanga amene ali ndi detekita ya XP Deus, yomwe koyilo yake (kambale ka kunsonga kwa ndodo komwe kamasesa pansi) ndi ya mainchesi 9. Pamzere womwe ine ndinadutsa m'mawa osamva kanthu, iye masana anatulutsapo theka la khobidi lasiliva. Zandipweteka mtima. Ndigulitse makinawa ndigule Deus II?

Mkulu wa ku Lincolnshire:
Achimwene, musanagulitse kanthu tiuzeni kaye: koyilo yomwe muli nayo ndi iti?

Wa ku Norfolk:
Yomwe inabwera ndi makina, ya mainchesi 11. Sindinagulepo ina.

Mkulu wa ku Lincolnshire:
Ndiye vuto lanu lagona pomwepo. Koyilo imamva chilichonse chimene chili pansi pake panthawi imodzi. Ya mainchesi 11 ikakhala pamalo a misomali, pansi pake pamakhala mwina misomali itatu ndi khobidi limodzi, ndipo makina amaziphatikiza n'kukuuzani kuti ndi chitsulo wamba. Khobidilo limaphimbidwa. Ndipo makobidi omwe mukufunawo ndi opyapyala kwambiri: khobidi lasiliva losulidwa ndi hamala limalemera pafupifupi gramu imodzi ndi theka, ndiye ganizirani theka lake kapena kachidutswa kachinayi. Msomali wa chitseko umodzi umalimeza lonse.

Mnzanuyo sanakuposeni ndi dzina la makina. Anakuposani ndi mainchesi awiri aja, komanso Deus imatha kusiya chitsulo chimodzi n'kugwira china mwamsanga. Koma Equinox nayo imachita zomwezo mukaiuza. Gulani koyilo yake ya mainchesi 6, EQX 06. Mtengo wake ndi kachigawo chabe ka mtengo wa makina atsopano. Ine ndimaiona ngati mmene amayi amasankhira mpunga palichero: timiyala sachotsa ndi chikhatho chonse, amatola ndi nsonga za zala.

Wa ku Kent:
Mkulu, ine ndikutsutsaniko pang'ono. Koyilo yaing'ono imataya kuya, ndipo munda wa mahekitala angapo simungaumalize nayo ngakhale mutapita Loweruka lililonse mpaka Khrisimasi. Ine ndinaika yaikulu ya mainchesi 15 ndi 12 pa Equinox yanga ndipo makobidi amkuwa a nthawi ya George III ndimawatulutsa akuya ndithu. Deus II nayo ndi makina abwino, opepuka, opanda waya, imathamanga kuyambira 4 mpaka 45 kHz. Ngati ndalama zilipo, bwanji osagula?

Mkulu wa ku Lincolnshire:
Zoona zanu, koma inu mumafufuza m'madambo odyetsera nkhosa, momwe nthaka sinatembenuzidwe zaka zambiri ndipo zinthu zinamira. Kumeneko yaikulu ndiyo mwini malo, sindikukana. Munda wa achimwenewa ukulimidwa chaka ndi chaka, pulawo ikubweretsa zinthu pamwamba. Khobidi lawo silili kutali, lili pambali pa msomali. Akaika ya 15 pamenepo phokoso lingowonjezeka. Ndipo sindikunena kuti asese munda wonse ndi yaing'ono ayi. Kona yokhayo. Kwinako abwezeretse ya 11.

Achemwali a ku Suffolk:
Ndilowererepo. Koyilo isanafike, pali zimene mungasinthe lero lomwe osalipira kanthu. Ikani makina pa pulogalamu ya Field 2, chifukwa imatsamira ku ma frequency apamwamba omwe amakonda tinthu ting'onoting'ono topyapyala. Kwezani recovery speed (liwiro losiyira chitsulo chimodzi n'kugwira china), pa 800 imafika 8, ine pamisomali ndimayambira 7. Tsitsani iron bias, yomwe imauza makina kuti mawu okayikitsa awatenge ngati a chitsulo wamba. Mukaikweza makina amakhala phee, mtima n'kukhala pansi, koma ndi pomwe amataya khobidi lokhala pafupi ndi chitsulo. Chachinayi anthu sachikonda: tsitsani sensitivity, mphamvu yomvera ya makina. Ikakhala pamwamba mumamva misomali yakuya yomwe simukuifuna, ndipo imeneyo ndiyo ikukutsekani makutu.

Kenako yesani pakhomo panu. Pezani malo opanda chitsulo, ikani khobidi lopyapyala pansi, msomali wa dzimbiri pambali pake motalikirana ndi zala zitatu. Sesani kuchokera mbali imodzi, kenako zungulirani musese mopingasa. Koyilo ya mtundu wa DD, ngati yanuyo, imamva mwa kamzere kopyapyala pakati pake ngati mpeni, ndiye mbali ina mudzangomva msomali, mbali inayo khobidi lidzalira kamodzi, mwachidule. Kalirilo muliloweze pamtima. M'munda silidzabwera loyera ngati la m'mavidiyo, lidzabwera losweka, ndi kubangula kwa chitsulo kumbuyo kwake.

Wa ku Norfolk:
Achemwali, apa mwandigwira. Mawu osweka otero ndimawamva kawirikawiri koma ndimawasiya, poganiza kuti ndi msomali wopindika. Komanso makina akaonetsa manambala otsika pa sikirini sindikumba, ndinatopa ndi zidutswa za aluminiyamu ndi makala.

Achemwali a ku Suffolk:
Makala opsa aja, coke, pa Equinox amagwera pa 1 ndi 2, ndipo Field imawatsekera kale. Koma chapamwamba pake pang'ono musanyoze. Kachidutswa ka khobidi kamalira manambala otsika, moyandikana ndi pepala la siliva la m'paketi ya fodya. Pakona yoteroyo ine ndimakumba chilichonse chomwe chabwereza kulira pamalo amodzi kuchokera mbali ziwiri, ngakhale nambala ikudumphadumpha. Mukumba zinyalala zambiri, msana udzakuuzani, koma palibe njira ina. Ndipo muchepetse liwiro. Ndi koyilo ya 6 phazi limodzi ndi kusesa kangapo, apo ayi mukusiya mipata.

Mkulu wa ku Lincolnshire:
Theka lija la mnzanu likukuuzaninso zaka za malowo. Kale ku England ankadula khobidi pakati kapena panayi kuti apeze chenji, potsata mtanda wa kumbuyo kwake. Mu 1247 Henry III anatalikitsa mtandawo mpaka m'mphepete kuti anthu aleke kusenga siliva m'mbali, ndipo kuyambira 1279 Edward I anayamba kusula timakobidi tozungulira ta theka ndi ta chigawo chachinayi, kudulako n'kuyamba kutha. Muone ngati mtanda wake ndi waufupi kapena wautali. Pamalo pomwe patuluka chimodzi chotere pamakhalanso zina, mabakulo a lamba, zolembera za mtovu, tizitsulo ta pa zingwe za akavalo.

Za makina odula, kumbukirani kuti Terry Herbert anapeza chuma cha Staffordshire mu 2009 ndi detekita yakale yogula kwa wina.

Wa ku Kent:
Chabwino, pakona imeneyo ndagonja. Koma mugulenso ndodo yachiwiri yam'munsi, koyilo iliyonse ikhale ndi yake. Kumasula bawuti ndi manja ozizira m'matope n'kovuta, ndipo timakutu ta koyilo za Equinox timathyoka mukamanga kwambiri.

Wa ku Norfolk:
Ndabweranso, papita masabata awiri. Koyilo ya 6 inafika. Ndinakhoma zikhomo zinayi ndi chingwe pakona paja, malo osaposa bwalo la netiboli, ndipo anandidyera tsiku lonse. Ndinakumba misomali yopindika yosawerengeka, zidutswa za mtovu, kabakulo kamkuwa kothyoka lilime, ndipo cha m'ma 3 koloko kunamveka kulira kwakufupi kuja komwe achemwali ananena, mbali imodzi yokha poyamba. Kuya kwake sikunafike ngakhale chikhatho. Khobidi lathunthu, mtanda wautali. M'dzenje lomwelo munali msomali wautali ngati chala. Manja ananjenjemera. Equinox sindigulitsanso.

Achemwali a ku Suffolk:
Mwachita bwino achimwene! Musalipukute ndi chilichonse, madzi okha. Lembani malo enieni pa GPS ya foni, muonetse mwinimunda, kenako mupite nalo kwa Finds Liaison Officer, wolemba zinthu zakale zopezeka m'dera lanu, alilembe m'kaundula wa Portable Antiquities Scheme, pamodzi ndi kabakuloko. Khobidi limodzi palokha kawirikawiri silikhala treasure, chuma chomwe lamulo limakukakamizani kukanena. Koma Treasure Act ya 1996 imati makobidi awiri kapena kuposerapo asiliva kapena agolide, a zaka zoposa 300, ochokera pa chopezeka chimodzi, muyenera kukanena kwa coroner, mkulu wa boma woweruza nkhani zotere, pasanathe masiku 14. Ndiye a Finds Liaison Officer aja muwafotokozerenso za theka lija la mnzanu ndi mtunda wa pakati pa maenje awiriwo, iwo ndiwo aone ngati zinatayika padera kapena ndi chikwama chimodzi chomwe pulawo inamwaza.

Wa ku Norfolk:
Ndamva. Ndawalembera kale, ndipo mnzanga wavomera kubweretsa theka lake. Mlimi akuti adzala pakatha masiku khumi, ndiye Loweruka ndisuntha chingwe kupita chakumpanda.