Mpweya ukundithera pa vesi yachiwiri, ndithandizeni

Moni nonse m'gulu muno. Ndatha milungu itatu ndikulemba nyimbo ya rap, koma vesi yachiwiri yandikanika. Biti yake ndi ya 90 BPM (imagunda ka 90 pa mphindi imodzi), vesi ili ndi ma bar 16 (bar imodzi ndi kugunda kanayi kwa biti), kolasi 8. Papepala mizere ili bwinobwino, koma ndikayamba kuimba rap, mawu amathithikana, mpweya n'kundithera ndisanafike pa snare (ng'oma yolira mokuthwa m'biti) yachiwiri.

Ndinayesa kudula mawu ena, tanthauzo linasokonekera. Ndinatsitsa biti kufika pa 84, nyimbo inazizira. Ndinajambulanso mzere umodziumodzi, koma zikuchita kumvekeratu kuti n'zolumikiza.

Nyimboyi ndikuimbira malemu achimwene anga, ndiye kuisiya sindingathe. Anzanga mumatani? Mumayamba mwang'ung'udza flow (kayendedwe ka mawu pa biti) kenako n'kuikamo mawu, kapena mumawerenga masilabulo a bar iliyonse? Nanga popumira mumasiya pati?