Ku GP kwathu CQC inalemba Requires improvement, tisamuke kapena tidandaule kaye?

Membala wobisa dzina:

Abale anga a muno mu England ndithandizeni maganizo, a admin chonde dzina langa lisaoneke. Ine ndi abambo akunyumba tili kuno chaka chachitatu tsopano, tonse timagwira ntchito ya care. Chaka chatha anawapeza ndi BP yokwera, ali ndi zaka 46, ku GP (chipatala chaching'ono cha m'dera komwe tinalembetsa) anawalembera mankhwala a ramipril kamodzi patsiku. Amene anawalembera anali dokotala wongogwirizira, sitinamuonenso, ndipo chiyambire pamenepo mankhwala timangotenga ku famase mwezi ndi mwezi, palibe anatiitanapo kuti bwerani tiyeze magazi kapena BP yeniyeniyo. Miyezi 14 imeneyi.

Nde abambowo ali ndi chifuwa. Chouma, chopanda makhololo, chimangokanda pakhosi makamaka usiku, munthu akutsokomola mpaka mwana kudzuka chipinda chinacho. Ife timati ndi kuzizira kwa kuno, tamwa ndimu ndi jinja ndi uchi mpaka kutopa. Ndinaimba 8 koloko m'mawa ndili nambala 23 pamzere, nditafika mayi wapa reception akuti apointimenti zatha muimbenso mawa, ine mawalo ndili pa shifiti ya 7 mpaka 7 foni imakhala mu loka.

Dzulo mnzanga wakuntchito ndi amene anandionetsa pa webusaiti ya CQC, bungwe loyendera zipatala kuno, kuti surgery yathuyi, ndiye kuti ku GP kwathuko, inapatsidwa giredi ya Requires improvement, kutanthauza kuti ikufunika kukonza zinthu, ndipo mulipotimo alembamo zoti anthu ena omwa mankhwala ofunika kuwayeza magazi pafupipafupi samayezedwa. Mtima unangoti myuu, ndinaona ngati akunena za kunyumba kwanga. Funso langa, kodi zimenezi ndiye kuti malowa ndi oopsa tithaweko? Nanga ndikakadandaula sangatichotse m'kaundula mwawo, kapena nkhani kufika ku Home Office poti tili pa visa? Abambo akuti zisiye usatiputire mavuto dziko la eni.

NesiWakuLeeds:

Asisi tiyambe ndi abambowo, za CQC zibwere pambuyo. Chifuwa chouma chokanda pakhosi ndi vuto lodziwika bwino la ramipril ndi anzake onse othera ndi pril ngati lisinopril. Sindikuti ndi chimenecho basi, chifuwa cha nthawi yaitali chonchi dokotala amayenera kuona zinanso, TB imene, poti ife timachokera komwe iliko. Koma asasiye okha mankhwala, BP ikhoza kukwera osamva kalikonse. Mankhwala amenewa amafuna kuyeza magazi kuona impso ndi potassium pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chiyambire, kenako kamodzi pachaka. Miyezi 14 osayezedwa ndi kulakwitsa, musachite kukayika.

China, malangizo a 2019 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala kuno, amati munthu wakuda wochokera ku Africa amene alibe shuga nthawi zambiri amayambira mankhwala a mtundu wa amlodipine osati ramipril. Kodi abambowo ali ndi shuga kapena vuto la impso? Ngati ali nazo mwina dokotalayo anali ndi chifukwa chake, koma ngati alibe funsani kuti n'chifukwa chiyani anasankha amenewa. Ndipo tsiku lina mukadzaona milomo, lilime kapena nkhope zatupa, musadikire za 8 koloko, imbani 999 ya ambulansi pompo, kutupa kumeneko kumachitika kwambiri kwa ife akuda tikamamwa mankhwala amenewa.

Membala wobisa dzina:

Shuga alibe asisi, anayezedwa nthawi yomweyo. Zotupa milomo sizinachitikepo. Koma nde ndiwapeza bwanji adokotalawo poti foni ndi imeneyo?

NesiWakuLeeds:

Lembani pa fomu ya pa intaneti ya surgery yanuyo, mawu ake achindunji: ali pa ramipril miyezi 14, sanayezedwe magazi, akutsokomola kwa miyezi yakuti. Mupemphe medication review, kuti awaunikenso mankhwalawo. Ma surgery ambiri ali ndi clinical pharmacist, katswiri wa mankhwala wa pa surgery pomwepo, ameneyo amapezeka msanga kuposa dokotala ndipo ntchito yake ndi imeneyi. Podikira, apite ku famase komwe mumatenga mankhwalako akawayeze BP, manambalawo muwalembe papepala. Zikavuta usiku kapena Loweruka pali 111, nambala ya NHS yofunsirako thandizo lachangu.

AnkoloAkuLuton:

Mwana wanga ine ndakhala kuno kuyambira 2004, mantha a Home Office amenewo achotse. Dandaulo la kuchipatala silikhudzana ndi visa, ndipo ngakhale polembetsa ku GP lamulo silifuna kuti uonetse pasipoti kapena pepala la nyumba. Kukuchotsa m'kaundula chifukwa choti wadandaula saloledwa. Vuto lathu aMalawi tinazolowera kuti adokotala ndi bwana, ukawafunsa funso akukalipira pamaso pa mzere wonse, nde tikafika kuno timangoti zikomo zikomo ngakhale zinthu zikulakwika. Ine mayi akunyumba zotsatira zawo za magazi zinakhala milungu 6 osatiuza, ndinalemba kalata ya tsamba limodzi kwa practice manager, mkulu woyendetsa surgery, anandiitana, anapepesa, nkhani inathera pomwepo ndipo mpaka lero tili komweko. Auze abambowo kuti ankolo akuti kufunsa si mwano.

MayiWaMapasa:

Ine nde ndingosamuka abale, moyo ndi umodzi. Kusamuka ndi kulemba fomu pa webusaiti ya NHS basi, akale aja suchita kuwatsanzika, mafayilo amatumizirana okha.

KalalikiWaNHS:

Ndimagwira ntchito ya muofesi ku surgery ina, ndiwonjezereko pang'ono. CQC imagawa magiredi anayi, Outstanding, Good, Requires improvement ndi Inadequate, ndipo inayamba kupereka magiredi amenewa kwa ma GP mu 2014. Amafunsa mafunso asanu: kodi odwala ndi otetezeka, chithandizo chikugwira ntchito, ogwira ntchito amasamala anthu, amamva zosowa za odwala, komanso utsogoleri uli bwanji. Nde musangoona giredi ya pamwambayo, tsegulani muone kuti anagwa pati. Kugwa chifukwa cha mafoni osayankhidwa ndi kosiyana ndi kugwa pa safe, funso loyamba lija la chitetezo cha odwala. Pa safe ndi pomwe amaona zinthu ngati za abambozi, komanso ngati filiji ya katemera imakhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 ndipo wina amalemba tsiku ndi tsiku, ngati mankhwala adzidzidzi sanathe ntchito, ngati makalata ochokera kuchipatala chachikulu amawerengedwa msanga. Akabwera amalowa mu kompyuta n'kufufuza okha odwala amene sanayezedwe, subisa.

Muonenso deti la lipotilo. Malipoti ena ndi a zaka zingapo zapitazo, Good wakalekale sakutsimikizirani kuti lero zili bwino, nde a MayiWaMapasa kusamuka mwachimbulimbuli mukhoza kuthawa mvula n'kukagwera m'dziwe. Komanso surgery ina ikhoza kukana ngati mumakhala kunja kwa dera lake.

Pa dandaulo, mumasankha, kwa practice manager kapena ku ICB, ofesi ya NHS yoyang'anira zaumoyo m'dera lanu, osati konse kuwiri. Muli ndi miyezi 12 kuchokera pomwe zinachitika kapena pomwe munadziwira, ndipo akuyenera kukuuzani kuti alandira pasanathe masiku atatu ogwira ntchito. Yankho likapanda kukukhutiritsani mumapita kwa Parliamentary and Health Service Ombudsman, ofesi yoima payokha younikanso madandaulo a NHS. CQC siweruza dandaulo la munthu mmodzi, koma ili ndi fomu youzira zomwe mwakumana nazo ndipo zimathandiza kuti abwerenso. Poti wodwala ndi abambo, alembe okha kapena asainire kuti akulolani kuwayankhulira, apo ayi adzakubwezani.

MayiWaMapasa:

Nde mpaka kalata zonsezo munthu ali pa shifiti ya maola 12 eti, inu a muofesi zimakukomerani mapepala kkkk. Ine maganizo anga ndi omwewo, ayezedwe kaye kenako asamuke.

Membala wobisa dzina:

Ndabweranso abale. Fomu ndinalemba pa break Lachiwiri monga munanenera a Nesi, Lachitatu masana pharmacist waimba yekha, magazi akatenga Lachisanu m'mawa ndipo akuti akambirana ndi dokotala zosintha mankhwala ndi zofufuza chifuwacho. Lipoti lija ndawerenganso, ndi la chaka chatha ndipo pomwe anagwa ndi pa safe pomwepo ndi utsogoleri. Abambo ndawawerengera zomwe analemba ankolo, angoseka, kusaina kalata akuti aganize kaye. Pakadali pano ndaika NHS App pa foni yawo kuti zotsatira tizione tokha. A Kalaliki, kalatayo ikhoza kudikira mpaka zotsatira zituluke kapena ndiyambe kulemba panopa madeti ndisanaiwale?