Bambo akukana kachubu kopakidwa heparin, ndithandizeni nzeru

Abale anga pa gulu pano, ndili ku Mangochi, cha kwa Mponda. Bambo anga impso zidasiya kugwira ntchito, ndiye timapita nawo ku Blantyre kukasefa magazi pa makina a dialysis. Adawaika kachubu pakhosi, koma katsekeka kawiri chifukwa magazi akuundana m'kati mwake. Ulendo wathawu tidanyamuka mbandakucha, kudutsa Liwonde ndi Zomba, kukafika makina akungolira, magazi osayenda. Bambo adangokhala duu, mapazi otupa, nsapato zili m'manja.

Adokotala adatchulapo za machubu ena opakidwa mankhwala a heparin, oti magazi akakhudza asamagwirane msanga. Achimwene atawerenga kuti heparin amachokera m'matumbo a nkhumba, adakawauza bambo. Bambo ndi Msilamu, swala zisanu saphonya. Akuti bola kufa.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti anamwino adandiuza kuti heparin yemweyo amathiridwa kale m'makina nthawi zonse akamasefa. Bambo sakudziwa. Ndiwauze? Nanga ilipo njira ina?

Yankho: Pepani achemwali. Ndine namwino. Zoona, heparin wambiri amachokera ku nkhumba. Pa kachubu amamatiridwa pakhoma, ndipo amakoka antithrombin, chinthu chomwe chili kale m'magazi mwathu, kuti chiletse kuundana pamalo pomwepo. Koma si kuti kopakidwako sikatsekeka konse. Kafunseni za fistula: amalumikiza mitsempha iwiri ya pamkono pawo, osaikamo pulasitiki. Imafuna masabata 6 kapena kuposa kuti ikhwime. Funsaninso za citrate, mankhwala ena oletsa magazi kuundana, ena amathira ameneyo m'kachubu akamaliza kusefa. Muwauzenso adokotala ngati bambo adachepapo ma platelet (tizigawo ta m'magazi tothandiza kuti magazi aundane) atalandira heparin, chifukwa otere sayenera kuikidwa kopakidwako.

Yankho: Assalamu alaikum. Musawabisire bambo, akadzamva kwa ena zidzawapweteka kwambiri. Koma musawauze nokha. Pitani kwa ashehe a pa mzikiti wawo, mubwere nawo kunyumba. Qur'an 2:173, ndime yomwe ikuletsa nkhumba, ikunenanso kuti wosimidwa alibe tchimo. Mayi anga adavomera atamva pakamwa pa ashehe, ife ana tidalephera.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Lachisanu akatuluka ku swala ya Juma ndikaonana ndi ashehe. Anamwino, fistula ikamakhwima kachubu kapakhosika kamakhalabe pompo?

Yankho: Eya, kamakhala mpaka fistula itayamba kugwira ntchito. Musakanyowetse posamba.